Menyu imene mwatiphunzitsa ikukana pa foni

Inu a sukulu ya makompyuta ya pa Kasungu boma, ndalemba poyera pano chifukwa ku ofesi kwanu yankho ndi lomwelomwelo, lakuti bwana atuluka tibwere mawa.

Polengeza maphunziro munati tidzaphunzira HTML ndi CSS, zilankhulo zolembera ndi kukongoletsera masamba a pa intaneti, mpaka kupanga webusaiti yooneka bwino pa kompyuta ndi pa foni pomwe. Fizi tinalipira yonse, ena makolo atagulitsa soya, ena atalandira za fodya ku Chinkhoma. Tsopano tafika pa phunziro la menyu, ija imakhala pamwamba pa tsamba yolembedwa Home, Services, Contact, ndipo zatikwana.

Aphunzitsi anatiuza kuti tiike ma link athu mu table, kenako anatisonyeza float, lamulo la CSS lokankhira zinthu kumanzere kapena kumanja, basi. Menyu yotsika pansi anaipachika pa :hover yokha, lamulo limene limagwira ntchito mouse ikafika pamwamba pa chinthu. Pa kompyuta ya m'kalasi imatsika bwinobwino ukafikitsapo mouse, ndipo tonse tinaomba m'manja. Madzulo ndinaitsegula pa foni yanga. Mawu anapanikizana ngati anthu m'minibasi ya ku Lilongwe, Contact inagwera kunja kwa sikirini, ndipo ndikadina Services inkangonditaya pa tsamba lina osaonetsa zimene zili pansi pake. Nanga mlimi wa ku Santhe kapena ku Chamama amene akufuna kuona mtengo wa feteleza pa webusaiti ya shopu, mouse aitenga kuti? Kuno anthu ambiri intaneti amaionera pa foni, ndi chala.

Sitikupempha zachilendo ayi. Media queries, zimene zimauza tsamba kuti lisinthe maonekedwe sikirini ikachepa, a W3C, bungwe limene limakhazikitsa malamulo a mawebusaiti, anazivomereza kale mu 2012. Tiphunzitseni kuika ma link mu ul ndi li mkati mwa nav (ma tag a HTML opangira mndandanda ndi menyu), kuchotsa timadontho ta mndandandawo ndi list-style: none, kuwandandalika ndi display: flex, ndiponso kulemba @media kuti pa foni menyu ibisale kuseri kwa timizere titatu. Ngakhale mzere wa viewport, umene popanda iwo foni imaonetsa tsamba lonse ndi tizilembo ting'onoting'ono, sitinaumvepo m'kalasi. Ndinaupeza ndekha pa MDN, webusaiti yofotokoza za HTML ndi CSS, bandulo yanga ikupita.

Mnzathu wina atafunsa za Flexbox, njira ija ya display: flex, aphunzitsi anati zimenezo ndi za digiri. Ine ndikuona kuti manotsi awo ndi akalekale ndipo palibe amene anawaunikanso.

China, makompyuta ndi ochepa moti ambiri timakopera code kuchokera pa bolodi kulemba m'kope. Mu CSS ukaiwala semikoloni imodzi sitayilo imasokonekera, ndiye m'kope munthu angalione bwanji vutolo? Magetsi akazima timabwerera kunyumba, tsiku limenelo osabwezedwa.

Mwalengeza kale tsiku lopereka masatifiketi. Musanatero, tiwonjezereni masabata popanda kulipiritsanso ndipo mubweretse mphunzitsi wodziwa kupanga menyu ya pa foni. Ngati simungathe, mutibwezere gawo la fizi yathu. Muyankhe pompano pamene anzanga a m'kalasi akuona, osati ku inbox.