Mayunivesite athu atuluke ku mpanda akaonekere ku ma CDSS

Akonzi,

Ndipatseniko mpata ndilankhule za mayunivesite athu a boma, makamaka awa anabadwa kuchokera mu Yunivesite ya Malawi, chifukwa nkhani zawo timangozimva a NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede, akatulutsa mayina a ana osankhidwa kapena ophunzira akakwiya ndi za fizi, kenako ziii mpaka chaka china. Ine ndine mphunzitsi wa ku sekondale, ndakhalitsa m'ma CDSS akumudzi, ndipo chimene chimandiwawa n'chakuti mwana wa Fomu 4 wanzeru zake ndithu ukamufunsa kuti ukufuna kukaphunzira chani ku yunivesite amangoti udokotala, unamwino kapena zamalamulo basi, osati chifukwa ndi zokhazo zimene amakonda koma ndi zokhazo zimene anamvapo.

Ambiri mpaka lero sadziwa n'komwe kuti Yunivesite ya Malawi (UNIMA) ija tinkaidziwa kale inagawidwa. Inayamba kuphunzitsa mu 1965 ku Chichiri ku Blantyre, mu 1973 Chancellor College n'kusamukira ku Zomba, Kamuzu College of Nursing (KCN) inabwera mu 1979, College of Medicine mu 1991. Bunda ndi imene inayamba kuchoka, inakhala LUANAR mu 2012, ndiye mu 2021 zotsalazo zinapatukananso, Poly inakhala MUBAS, College of Medicine ndi KCN anaziphatikiza kukhala KUHeS, dzina la UNIMA linatsalira a ku Chirunga ku Zomba. Kumudzi makolo akadanenabe kuti mwana wapita ku Poly, wapita ku Chanco, palibe vuto ndi mayinawo, koma vuto lili poti mwana akamalemba fomu yosankha makosi sadziwa kuti kosi iyi ili kuti, imafuna maphunziro ati pa MSCE, ndipo akamaliza akagwira ntchito yanji.

Taonani zimene zilimo. KUHeS ili ndi kampasi ku Blantyre pafupi ndi Queens, ina ku Kameza, ina ku Lilongwe, komanso ku Mangochi kumene ophunzira udokotala amapita kukaphunzira za umoyo wa anthu m'midzi. Kumeneko si udokotala ndi unamwino wokha ayi, kuli za mankhwala, physiotherapy, za mu labu, ndipo kuyambira 2019 anayamba kuphunzitsa madokotala a mano konkuno mothandizana ndi yunivesite ya Glasgow, pamene kale munthu umayenera kupita kunja. Ku MUBAS kuli uinjiniya wosiyanasiyana mpaka wa migodi, kujambula mapulani a nyumba, za maakaunti, utolankhani, za ukhondo wa malo. Ku LUANAR ena amaganiza kuti n'kongophunzira kulima chimanga, eti, chonsecho kuli udokotala wa ziweto, ulimi wa nsomba, za kadyedwe, uinjiniya wa ulimi wothirira, ndipo kupatula Bunda kuli Natural Resources College (NRC) ndi kampasi ya mu tauni ku Lilongwe. Sinditchulanso za Mzuni ku Luwinga kumene kuli za nkhalango, zokopa alendo ndi za maso, kapena MUST ku Ndata ku Thyolo kumene kuli za nyengo ndi za zipangizo za m'chipatala. Zonsezi mwana wa ku Ntaja kapena ku Kabudula angazidziwe bwanji ngati palibe amene wabwera kudzamuuza?

Ena anganene kuti zonse zili pa intaneti. Zoona zilipo, koma zili m'Chingerezi cha kuofesi, ndipo pa sukulu zambiri foni ya intaneti ndi ya aphunzitsi, bandulo yake ndi ya m'thumba mwawo, magetsi kulibe. Ndiye chimene chimachitika n'chakuti aphunzitsi kapena malume amene anafikako kutauni ndi amene amamusankhira mwana makosi, onse amathamangira makosi omwewo odziwika aja amene anthu amalimbirana kwambiri, mapeto ake mwana wa mapointi abwino amatsala pamene akanasankha kosi ina akanalowa bwinobwino. Quota, njira ija yosankhira ophunzira potengera boma lochokera, inachotsedwa mu 2020, tinasangalala kuti tsopano ndi mapointi okha, koma mwana wa ku sukulu yogonera kutauni amene ali ndi mphunzitsi womulangiza za makosi sali pa mzere umodzi ndi wa ku CDSS amene fomuyo akuiona koyamba. Nazonso ngongole za ku Loans Board, bungwe lobwereketsa ophunzira ndalama, ambiri amazimva mochedwa atafika kale pa kampasi opanda ndalama ya lendi ndi chakudya.

Koma chimene chandipangitsa kwenikweni kulemba kalatayi ndi kafukufuku. Yunivesite si yongopereka madigiri, ntchito yake ina yaikulu ndi kufufuza, ndipo athuwa amafufuza zinthu zolemera ndithu zimene zikupulumutsa miyoyo koma eni ake a miyoyoyo sadziwa kuti zinachokera kuti. Katemera wa typhoid wa mtundu umene ana analandira dziko lonse mu 2023 anayesedwa kaye ku Ndirande ndi ku Zingwangwa pa ana oposa 28,000 kuyambira mu 2018, ntchito imene anagwira a bungwe la kafukufuku wa zaumoyo la Malawi-Liverpool-Wellcome pamodzi ndi College of Medicine ndi anzawo akunja, ndipo zotsatira zake mayiko ena anaphunzirapo. Kamakina kaja kotchedwa Pumani kothandiza ana obadwa masiku asanakwane kupuma, kanayesedwa ku Queens mogwirizana ndi yunivesite ya Rice ya ku America, lero kali m'zipatala zambiri m'maboma. Ku Zomba kuli Centre for Social Research imene imayenda m'midzi kufunsa anthu maganizo awo pa za ulamuliro ndi umoyo wawo, kulinso Centre for Language Studies imene imagwira ntchito pa zilankhulo zathu, Chichewa chimene ndikulembachi, Chitumbuka, Chiyao ndi zina. Akatswiri a ku Chirunga akhala akufufuza za nyanja ya Chilwa kwa zaka zambirimbiri, nyanja imene inaumapo mu 1968 ndi mu 1995, koma msodzi wa ku Kachulu amene anayankha mafunso awo kawirikawiri samvanso kuti anapeza chani.

Apa ndiye pamandipweteka mtima. Mayi wa ku Ndirande anapereka mwana wake kuti abayidwe katemera woyeserera, mlimi anapereka munda wake kuti ayeserepo mbewu, tonsefe timapereka msonkho umene umalipira ma lecturer, ndiye zotsatira zikalembedwa m'magazini a akatswiri okhaokha amene ngakhale ine mphunzitsi sindingawapeze, ife tapindula theka chabe. Mwana akanamva pa wailesi m'Chichewa kuti katemera wa mtundu umene anabayidwa uja anamuyesa ndi asayansi a Chimalawi ku Blantyre konkuno, bwenzi Biology ndi Chemistry akuziona mwina, osati ngati maphunziro ongomulepheretsa mayeso.

Ndikudziwa kuti mayunivesitewa ali ndi mavuto awo, mahosteli ndi ochepa, ophunzira ambiri akukhala m'nyumba za lendi ku Chikanda ndi ku Chitawira, ndalama zochokera ku boma sizikwana, ndipo laibulale ya Mzuni itapsa mu 2015 tonse tinaona kuti kubwezeretsa mabuku si masewera. Koma zimene ndikupemphazi sizofuna mabiliyoni. Ophunzira a chaka chachitatu ndi chachinayi akamapita ku holide apatsidwe kalata ndi timapepala ta m'Chichewa ndi Chitumbuka tofotokoza makosi, aliyense akalankhule pa CDSS ya kwawo. Wailesi ya Chanco ilipo kale, mawailesi a m'madera nawo ali mbwee, ofufuza azipitako sabata ndi sabata kukafotokoza zimene apeza m'chilankhulo choti agogo amve. Ndipo kamodzi pa chaka zipata za kampasi zitsegulidwe, ana a Fomu 3 a sukulu zoyandikana alowe mu labu, agwire microscope, akhale pansi mu Great Hall, aone laibulale mkati.

A NCHE, a unduna wa maphunziro ndi akuluakulu a mayunivesite, chonde yambani chaka chino mafomu asanatuluke, ndipo muyambire ma CDSS a kutali ndi tala.

Mphunzitsi wokhudzidwa,
Machinga