Gawo 176 liunikidwenso, anthu akumangidwa ndi chala chawo chomwe

A Mkonzi,

Ndipatseniko danga ndidandauleko za ma caution statement, zikalata zija munthu amasaina kupolisi kuti wavomera mlandu.

Malamulo aakulu a dziko lino mu gawo 42 amanena poyera kuti munthu akamangidwa ali ndi ufulu wokhala chete, asakakamizidwe kuvomera mlandu, komanso akaonekere kukhoti pasanathe maola 48. Koma lamulo loyendetsera milandu lija la Criminal Procedure and Evidence Code, gawo 176, limalola khoti kulandira chikalatacho olo munthu atanena kuti anachita kumumenya kuti asaine, bola khotilo likhutire kuti ananenadi ndi iyeyo komanso zolembedwamo nzoona. Ndiye tikutsata lamulo liti apapa?

Mwana wa achimwene anga, mnyamata wa kabaza, anamugwira pa nkhani yothyola shopu. Katundu sanamupeze naye, mboni yomuona panalibe. Titapita ndi chakudya tinampeza mapazi atatupa osatha kuvala ndi silipasi zomwe, chala chamanthu chili bii ndi inki, akuti amalume ndangodinda kuti andisiye. Kukhoti analibe loya, majisitireti atafunsa ngati ali ndi mafunso kwa wapolisi amene anawerenga pepalalo mwana anangoyang'ana pansi, inu munthu wolekeza sitandade 6 angapanikize bwanji bwana wa yunifolomu ndi mafunso, pomwe ife tomwe ophunzirako timanjenjemera tikangolowa m'khoti? Anamupeza wolakwa ndi pepala lomwelo basi.

Anthu amangoti kachiteni apilu ku High Court. Kunena nkosavuta. Apilu imafuna fayilo ya mlandu, zonse zimene zinalankhulidwa zitayipidwe, ndiye ukapita kukafunsa akuuza kuti fayilo sikuoneka mubwere sabata yamawa, sabata yamawayo yomweyonso, thiransipoti ikungotha, mpaka munthu amamaliza chilango apilu yake isanamvedwe nkomwe. Loya wolipira ndalama zake sitingazikwanitse, a Legal Aid nawo alipo ochepa poyerekeza ndi anthu amene akuwafuna.

Za mafayilo osowazi si zachilendo ayi. Khoti litagamula pa mlandu wa Kafantayeni mu 2007 kuti nkosemphana ndi malamulo kuti aliyense wopezeka ndi mlandu wakupha azingopatsidwa chilango cha imfa, akaidi a kundende ya Zomba anayamba kupatsidwa zilango zatsopano mu 2015, ndipo ambiri mafayilo awo anali atasowa. Ngati fayilo ya munthu woyembekeza chingwe imatha kusowa, kuli bwanji ya wakabaza?

Ine sindikuikira kumbuyo mbava. Nanenso kuba kumandipweteka, wakuba amangidwe ndithu, koma amangidwe ndi umboni, katundu wopezeka naye, mboni zomuona. Wapolisi akadziwa kuti pepala lopezeka ndi chibonga khoti lilandirabe, adzavutikiranji kufufuza? Ndipo wothyola shopu weniweniyo amatsala akuyendayenda mumsika.

Ndikupempha aphungu athu a kuno ku Zomba ndi a Law Commission, bungwe lounikanso malamulo a dziko lino, gawo 176 likonzedwe kuti munthu akangonena kuti anamumenya, boma liyambe latsimikizira khoti kuti anavomera mwakufuna kwake, apo ayi pepalalo litayidwe. Komanso fayilo ikasowa m'manja mwa khoti, wolipira asakhale mkaidi, apatsidwe belo podikira apilu yake.

Wokhudzidwa,
Chinamwali, Zomba