Kalata kwa Nduna ya Zachuma: VAT ya sola pa nyumba yatsopano

Olemekezeka a Nduna,

Ndikulemba kalatayi pepala la mtengo wa nyumba lili patebulo pano, nyumba yomwe ine ndi mayi akunyumba takhala tikuisungira ndalama zaka zambirimbiri. Ndi yatsopano, padenga anaikapo kale mapanelo a sola, inveta, kamakina kosintha magetsi a sola kuti agwire ntchito m'nyumba, ili pakhoma pafupi ndi mita, batire ili m'kabokosi pansi pake. Koma papepalapo mzere wa sola palibe, zonse anazimanga mtolo umodzi, simenti, malata, matailosi, mapanelo, kenako VAT pamwamba pa zonsezo. Nditafunsa wogulitsayo kuti nanga ya sola payokha ndi zingati anangoti bambo nyumba ndi nyumba, sitigulitsa zidutswazidutswa.

Pempho langa ndi limodzi basi bwana: sola ya pa nyumba yokhalamo anthu ikhale pa VAT ya 0%, ndipo lamulolo linene mosabisa kuti likukhudzanso munthu amene wagula nyumba yatsopano sola ili kale padenga, ndiye kontilakita azikakamizidwa kuilemba payokha pa invoisi.

Sizachilendo izi. Germany anayamba 0% pa 1 Januwale 2023, mapanelo ndi mabatire omwe. Ku UK anayamba mu Epulo 2022 mpaka Malichi 2027, ndipo mu Febuluwale 2024 anawonjezerapo batire yoikidwa payokha. Netherlands nawo anayamba pa 1 Januwale 2023 koma iwowa ndiye mutiphunzirirepo, chifukwa mapanelo aja omwe amagwiranso ntchito ngati denga, akakhala pa nyumba yatsopano amalipitsabe 21%, ati ndi mbali ya nyumbayo. Ndiye taganizani, dzuwa lomwelo, magetsi omwewo, wina salipira kanthu wina alipira chifukwa choti yake inakhomedwa nthawi yomanga.

Chonsecho nthawi yomangayo ndi imene kuika sola kumatchipa. Amisiri ali kale pamwamba, mawaya amalowa m'khoma asanapake pulasitala, denga amalikonzeratu kuti linyamule kulemerako. Munthu akadikira kuti adzaike pambuyo pake amayamba kuboola khoma lopentedwa kale, kuitananso anthu, kulipira kawiri. Msonkho usamakankhire munthu ku njira yodulayo chonde.

China chomwe ndikupempha musachisokoneze, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri timapusitsika. Kuika chinthu pa 0% ndi kungochichotsa pa VAT si zofanana ayi. Pa 0% kontilakita amabwezeredwa VAT yomwe iye analipira pogula mapanelo, mawaya ndi zitsulo zokhomera, ndiye mtengo umatsikadi. Mukangoti sola ilibe VAT, iye sabwezeredwa kanthu, ndalama ija amangoibisa mumtengo wa nyumba ndipo wolipira ndine ndemwe, kungoti pano sindikuionanso papepala.

Batire ndi inveta musazisiye kunja. Panelo payokha usiku ilibe ntchito, ndipo madzulo ndi pamene banja limafuna magetsi, ana akuwerenga, filiji ikuyenda.

Ndikudziwa mudzati boma litaya ndalama, sindikukana, koma nyumba iliyonse yodzipangira magetsi masana ikupeputsa katundu pa mawaya a dziko lonse, ndipo ambirife nyumba timagula ndi ngongole ya kubanki, kutanthauza kuti VAT imeneyi tidzailipira pamodzi ndi chiwongoladzanja kwa zaka. Wogulitsa uja akudikira kuti ndisaine, ndipo pepalalo likadali ndi mzere umodzi womwe uja.

Ndine wanu,
Wogula nyumba koyamba