Kwa chemwali wanga ku Joni

Chemwali,

Uthenga wako ndauona, chipepeso chafikanso, zikomo. Koma pachithunzi chija wanenepa bwanji, Joni yakukonda eti, ife kuno tikungouma ngati bonya.

Agogo tinawaika Lachiwiri. A Mvano anachezera kuimba usiku wonse, kungoti ndiwo zinatha a kwa apongozi asanadye ndiye mpaka lero sakundiyankha moni ngati ndinkagawa ndine. Tisanasese nkomwe amalume ayamba kale kuwerenga malata, azakhali akuti mbuzi zitatu zija nzawo, njinga yopanda tcheni ija akuilimbirana anthu anayi. Ine andipatsa Buku Lopatulika lija, lachikuto chosoka ndi ulusi wa thumba la feteleza. Palibe analifuna.

Usiku ndikutsegula ndapeza pa 2 Timoteo 1:5 anadula mzere ndi pensulo, paja Paulo akukumbutsa Timoteo kuti chikhulupiriro chinayambira mwa agogo ake a Loisi kenako mayi ake a Yunike, ndiye m'mbalimo analemba maina a adzukulu tonse, lakonso lilipo poti sunkachoka pakhomo pathu nthawi ya mbatata. Ndinalira kuposa kumanda.

Chiyambire tsiku limenelo tulo palibe. Ine ndidzasiya chani? Dorika atamwalira ku Yopa amasiye ankaonetsa Petro zovala zomwe anawasokera, ine anthu azidzaonetsana kabuku ka ngongole ya banki mkhonde. Koma wondiopsa kwambiri ndi Eli. Munthu wansembe ku Silo, anaweruza Israeli zaka 40, koma ana ake Hofeni ndi Pinehasi ankatuma mnyamata ndi foloko ya mano atatu kukavuula nyama ya nsembe mumphika, bambo nkumangowadzudzula ndi pakamwa basi. Dzana ndapeza chisamba wanga wapisa foloko mupoto wa nkhuku ya alendo. Ndinachita kuwerenga mano a folokoyo chemwali, anayi, mtima unakhalako pansi pang'ono. Alamu ako akungoseka ati ndi mwana. Ndawakumbutsa kuti Eli anagwa chagada pampando nkuthyoka khosi ali ndi zaka 98, ati iwo akafika 98 athokoza. Mpando wawo wapakhonde uja ndaubisabe.

Ndimafuna ndikuuzenso za mfumu Yehoramu ija inafa popanda woidandaula, poti amalume akapitiriza chonchi, koma magetsi azima chim'mawa batire yatsala 3, ukamabwera Disembala usaiwale bulangete lija ndi