Ana akufunsa za mlengalenga, tithandizeni akonzi

Akonzi,

Ndiloleni ndidandauleko m'malo mwa makolo anzanga kuno ku Mzuzu. Kale mwana amangofunsa kuti ndiwo lero ndi chani, basi nkhani yatha. Pano wanga wa sitandade 5 anaonera kavidiyo pa foni ya amalume ake ndiye kunyumba kulibenso mtendere, akuti adadi anthu okhala mlengalenga aja akafuna kukodza amatani poti chilichonse chimangoyandama? Ndinakafufuza ndithu kuopa kuchita manyazi, ndipo ndinapeza kuti mkodzowo samataya, amausefa ndi makina n'kukhalanso madzi akumwa. Ndinakamba zimenezi tili pa nsima, mayi ake anandiyang'ana diso lina lake moti mpaka lero nkhani za sayansi timakambira pakhonde.

Chombo chomwe anthuwo amakhalamo mlengalengamo amachitcha International Space Station, chili pamtunda wa makilomita pafupifupi 400 kuchoka pansi pano, kungopitirira pang'ono mtunda wa pano ndi Lilongwe. Koma chimazungulira dziko lonse lapansi mphindi 90 zokha, nthawi imene basi yathu imakhala ikadalimbana ndi nkhungu ku Chikangawa. Ndiye anthu a mmenemo amaona dzuwa likutuluka ka 16 tsiku limodzi. Apa mpamene ndinati zikomo ine ndikhala pansi pompano, chifukwa kudzutsa ana kamodzi kokha m'mawa wa June, kuzizira kwa Mzuzu kuno, wina wabisa mutu mu bulangete wina akuti sokosi imodzi yasowa wina akulira kuti madzi osamba sanafunde, ndi nkhondo kale, nanga ka 16 munthu ungakhale moyo?

Za Neil Armstrong ndi Buzz Aldrin kuponda mwezi mu 1969 anazimva kale kusukulu, sizinawatenge mtima kwenikweni. Yomwe inawapengetsa ndi ya neba wathu wa ku Zambia, mphunzitsi Edward Makuka Nkoloso, yemwe mu 1964 ankati atumiza anthu kumwezi ndi ku Mars, ndipo pophunzitsa achinyamata ake ankawalowetsa mu dilamu n'kuligubuduza pamtsetse kuti azolowere. Mawa lake ndikuchokera kuntchito ndinapeza dilamu lathu losungira madzi lili kumunsi kwa kwa aneba, madzi onse ataya, wamng'ono kwambiri uja ali mkati wavala poto kumutu akukuwa kuti wafika. Ukali unandibwerera koma kuseka kunapambana. Madzi anakatunga okha, zimenezo sitinakambirane.

Anthu anamuseka Nkoloso, nanenso ndimaseka, koma India mu 2023 inatsitsa chombo chake cha Chandrayaan-3 pamwezi, ndipo amene anachipanga anali ana a anthu ngati athuwa, ofunsa mafunso otopetsa. Ife vuto lathu mwana akafunsa chomwe sitikuchidziwa timati iwe usandisokose, pita ukatsuke mbale. Mbale azitsuka inde, koma funso lija limafera pomwepo.

Ndiye pempho langa ndi ili akonzi, tipatseniko kakona kakang'ono mu nyuzi yathuyi ka mafunso a ana, m'Chichewa chomveka bwino, osati zandale zokhazokha tsamba loyamba mpaka lomaliza. Muzitiuzanso tsiku ndi nthawi yomwe siteshoni ija ikudutsa kumwamba kwathu kuno, chifukwa imaoneka ndi maso chabe madzulo kapena m'bandakucha, kuwala koyera koyenda mwachangu kosaphethira, kusiyana ndi kwa ndege. Magetsi akazima ndiye mpamene imaoneka bwino, bola mitambo ya Mzuzu itilole. Kakonako muike pa tsamba lapakati chonde, masamba akunja kwathu kuno amathera kukulungira bonya mwana asanawerenge.

Bambo wa ana atatu,
Zolozolo, Mzuzu