Kwa a Blantyre Water Board: tionetseni pangano lanu ndi EGENCO pa madzi a Shire

Akuluakulu a Blantyre Water Board, tikulemba pano poyera chifukwa zidziwitso zongoti madzi avuta kaamba ka mavuto a ku Walker's Ferry kapena kuthima kwa magetsi sizikutikwaniranso. Ambiri mwa makasitomala anu amalipiriratu madzi asanawaone n'komwe. Funso lathu ndi limodzi: Shire akachepa, woyamba kupatsidwa madzi ndani, ndipo zimenezo zinalembedwa pati?

Madzi ambiri a mumzinda uno mumatunga pa Walker's Ferry, m'dziwe lomwe lija la Nkula limene a EGENCO amapangira magetsi. Kuchoka apo mumawakankha mtunda wa makilomita pafupifupi 40, kudzera pa mapampu a ku Chileka, chokwera mamita pafupifupi 800. Damu la Mudi ndi madzi a ku Likhubula ku Mulanje n'zongothandizira. Ya Likhubula, yomwe idayamba mu 2019, idamangidwa kuti izipereka malita 20 miliyoni patsiku, pomwe Walker's Ferry ndi pafupifupi 96 miliyoni. Ndiye kuti zinthu ziwiri zomwe mpopi wa m'Blantyre watsamirapo, mlingo wa madzi m'dziwe ndi magetsi oyendetsera mapampu, zonse zili m'manja mwa ena.

Tiwerengere limodzi. Malita 96 miliyoni patsiku ndi malita 1,100 okha pa sekondi. Ngalande ya mthirira ya Shire Valley Transformation Programme, yomwe ikutunga pa Kapichira, idakonzedwa kuti ikadzatha yonse izitenga mpaka malita 50,000 pa sekondi kukathirira mahekitala oposa 43,000. Makina a magetsi amafuna oposa apo kutali. Madzi amene mzinda wonse umamwa ndi kadontho chabe mu Shire. Choncho musatiuze kuti mtsinje waphwa. Vuto lagona pa kayendetsedwe ka dziwe la Nkula, ndipo kayendetsedwe ndi nkhani ya pangano.

Dziwe likatsitsidwa, kaya pofuna kukonza makina kaya pochotsa matope, pakamwa pa mapaipi anu pamatsala madzi osaya. Pampu imayamba kukoka mpweya ndi mchenga, mapiko ake amadyeka, mphamvu yake n'kutsika. Madzi olowa amakhala a matope okhaokha, motero mankhwala odekhetsera matope amapita ambiri, masefa amatsekeka msanga, ndipo madzi oyera kale amathera kutsukira masefawo. Magetsi akathima ku Walker's Ferry kapena ku Chileka, si nkhani yongoyatsanso ayi. Paipi yaikulu iyenera kudzazidwa pang'onopang'ono ndi kutulutsidwa mpweya, apo ayi imaphulika m'malo olumikizira. Kenako matanki adzaze, madera otsika amwe kaye, ndipo a kumtunda kwa Ndirande, Bangwe, Soche ndi Chilobwe amafikiridwa pomalizira penipeni. N'chifukwa chake kuima kwa maola ochepa kumtsinje kumasanduka masiku a mipopi youma m'makwalala. Pamasiku amenewo amayi amakatunga m'zitsime zosatetezedwa ndi m'mitsinje ya Mudi ndi Naperi, mumzinda womwe kolera wa 2022 ndi 2023 adafika potsekereza masukulu.

Kutsogoloku olimbirana madziwa akuchuluka. Zipata za Kamuzu Barrage ku Liwonde, zomwe zidamangidwa mu 1965, ndi zomwe zimagawira aliyense madzi ochokera m'nyanja ya Malawi: Southern Region Water Board pa Liwonde pomwepo, inu, Nkula, Tedzani, Kapichira, minda ya nzimbe ku Nchalo, dambo la Elephant Marsh, ndipo kutsogoloku damu la magetsi la Mpatamanga ndi mamegawati ake oposa 350. Wa magetsi amafuna zipata zitseguke lero. Wosunga nyanja amafuna madzi asungidwire chaka chamawa. Mu 2016 ndi 2017 nyanja itatsika, dziko lonse lidagona mumdima. Mu 2024 itadzaza, a m'mphepete mwa nyanja ku Mangochi amalira kuti zipata zitsegulidwe, pomwe a ku Chikwawa ndi Nsanje amaopa kusefukira. Ndipo tisaiwale kuti kuyambira 1915 kufikira 1935 nyanja idasiyiratu kuthira madzi mu Shire. Zidachitikapo, Blantyre asanakhale ndi anthu oposa 800,000 monga adawerengedwera mu 2018.

Ngati pangano pakati pa inu, EGENCO, ESCOM ndi National Water Resources Authority (NWRA) lilipo, liikeni patsamba lino tiliwerenge. Ngati palibe, lilembedwe mvula isanadule, osati pamene nonse mwayamba kale kulozana zala pa wailesi. Lamulo la madzi la 2013 lidapatsa NWRA mphamvu yopereka ziphaso zotungira madzi ndi kuyang'anira kagawidwe kake, ndiye woti akukhazikeni pansi alipo.

Choyamba chomwe panganolo litchule ndi nambala: mlingo wotsikitsitsa wa dziwe la Nkula, m'mamita, umene mapampu anu angagwire nawo ntchito osakoka mpweya. Dziwe lisatsike kupyola apo popanda siginecha yanu. Kutsitsa kokonzekera kuzidziwika masiku angapo kusanachitike, kuti muyambe mwadzaza matanki onse ndi kuchenjeza zipatala monga Queen Elizabeth, ndipo kuzichitika pa maola omwe mwagwirizana. Lilembenso wochotsa matope pamalo otungira ndani, kangati pachaka, ndi ndalama za yani, chifukwa ntchito ya onse ndi imene imasowa mwini. Chimodzimodzi namasupuni ndi zinyalala zobwera ndi madzi osefukira, monga zidatsekera Nkula mu Januwale 2015. Pa magetsi, mapampu a Walker's Ferry ndi Chileka asalowe pa ndandanda wa kuzimitsa, ndipo gridi ikagwa akhale m'gulu loyamba kuyatsidwa. Namondwe Ana atagumula damu la Kapichira mu Januwale 2022, mamegawati pafupifupi 130 adasowa kopitirira chaka. Izo zingabwerenso.

Gawo lovuta, lomwe aliyense amalizemba, ndi la chilala. Nyanja ikatsika kufika pakutipakuti, ayambe kuchepetsa ndani, ndi malita angati pa sekondi, ndipo ikatsikanso wotsatira ndani? Ife tikuti madzi akumwa akhale omaliza kukhudzidwa, chifukwa ndi ochepa zedi ndipo alibe cholowa m'malo. Mukasemphana, NWRA igamule m'masiku owerengeka olembedwa m'panganomo, madzi akupopedwabe podikira chigamulo.

Pomwe mukukonza zimenezi, yambani ndi chosafuna ndalama. Tsiku lililonse lembani patsamba lino mlingo wa dziwe la Nkula, malita omwe mwapopa ku Walker's Ferry, maola omwe mapampu anaima ndi chifukwa chake. Mutiyankhe pano pomwe, osati ku inbox, kuti a ku Machinjiri ndi Chirimba nawonso awerenge.