Kwa mnzanga wa ku Leeds, za kagalimoto ka mipando iwiri

Mnzanga wokondedwa,

Kalata yako yafika. Masamba awiri onse wadzaza ndi Mazda MX-5, za ntchito yako yatsopano mzere umodzi wokha. Mlamu atamva kuti ndi ya mipando iwiri anangofunsa kuti apongozi akadzabwera adzakhala pati. Limenelo uyankhe wekha. Ine ndiyankha lako, loti kodi ungamakayendere tsiku ndi tsiku chaka chonse osakutha m'thumba.

Mafuta asakusowetse tulo. Galimotoyi ndi yopepuka, imangopitirira pang'ono tani imodzi, choncho siimwa ngati mmene anthu amaganizira akaona maonekedwe ake. Pa ziwiri watchulazo, ya 2010 ija ya injini ya 2.0 uyembekezere pakati pa 30 ndi 35 mpg, kutanthauza mamailosi pa galoni imodzi. Ya 2016 ya injini ya 1.5 imafika 40 mpg mosavuta ukamaponda moto mwaulemu. Kuti uziwerenge monga timachitira kuno, chulukitsa ndi 0.354: 30 mpg ndi makilomita 10.6 pa lita, 40 mpg ndi makilomita 14. Usamale ukamawerenga za pa intaneti, galoni ya ku America ndi malita 3.785 pomwe ya ku Britain ndi malita 4.546, nambala zake sizifanana.

Nambala ya pa dashibodi usamangoikhulupirira. Dzadza thanki mpaka pampu idule yokha, bweza kowerengera ulendo pa ziro, yenda, ukadzadzenso pa pampu yomweyo. Ukayenda mamailosi 300 n'kuthira malita 36, ndiye kuti ukupeza pafupifupi 38 mpg. Petulo wa E10, wosakaniza ndi ethanol, amene anayamba kumeneko mu September 2021 galimoto ziwirizi zimamwa bwinobwino, ndipo iwe usachite naye chilendo, kuno takhala tikusakaniza petulo ndi ethanol wa ku Dwangwa kuyambira 1982. Wokwera mtengo uja musiye.

Chimene chidzakudyera mafuta ndi ulendo wako wa kuntchito. Mamailosi 6 m'mawa wa mu January injini imafika isanatenthe n'komwe, ndipo injini yozizira imalandira petulo wochuluka, wina n'kumatsikira mu oyilo. Usaisiye ikulira pakhomo mphindi khumi poti itenthe. Pala madzi oundana pagalasi ndi chopalira, madzi otentha ayi chifukwa galasi limasweka, liza injini, dikira theka la mphindi, nyamuka osapitirira 3,000 rpm mpaka itenthe. Oyilo usinthe chaka chilichonse ngakhale mtunda usanakwane: 0W-20 ya 2016, 5W-30 ya 2010. Mpweya m'matayala ndi 29 psi, ndipo umatsika kukamazizira, uziyeza kawiri pamwezi matayala ali ozizira.

Chinkhoswe cha mlongo wako chinayenda bwino, amalume anavina mpaka kutaya chipewa. Zithunzi nditumiza netiweki ikalola. Kuno mizere ya mafuta yayambanso, minibasi zakweza mtengo.

Koma chimene chikundivuta ine ndi mchere. Kumeneko chisanu chikayamba amawaza mchere m'misewu, ndipo madzi amcherewo amalowa paliponse pansi pa galimoto. MX-5 injini yake siivuta kawirikawiri, chimene chimaipha ndi dzimbiri. Limayamba m'kati, patsogolo pa matayala akumbuyo, m'chitsulo chimene chili pansi pa chitseko. Ukamaona penti itatupa panja, m'kati mwatha kale, ndipo kuwotcherera kumeneko ndi ndalama zoti ungamwere petulo miyezi yambiri. Usanapite kukaiona, lemba nambala yake patsamba la boma la mbiri ya MOT (kuyeza kwa chaka ndi chaka koona ngati galimoto ili yoyenera kuyenda pamsewu), n'zaulere, uwerenge chaka ndi chaka ngati analembapo za dzimbiri. Ukafika gwada ndi tochi. Dina chitsulocho ndi chala mwamphamvu, chikamaphwanyika kapena kunyenyeka, tembenuka uzipita. Ukapeza pansi ponse apaka phula lakuda latsopano, funsa chimene akubisa, chifukwa phula lopaka pamwamba pa dzimbiri limatsekera chinyezi m'kati, chitsulo n'kumadyeka mwakachetechete. Ya 2010 yamwa mchere zaka zambiri kuposa inzakeyo, n'chifukwa chake ndikuti ngati ndalama ilipo tenga ya 2016.

Sizinathe. Denga lansalulo madzi ake amatsikira m'timabowo tiwiri kuseri kwa mipando, n'kutulukira pansi. Masamba akatseka timabowoto, madzi amabwerera m'galimoto, kapeti imanyowa, magalasi amachita nthunzi m'kati, dzimbiri limapeza pokhala. Thira kapu ya madzi mbali iliyonse, uone ngati akutuluka pansi nthawi yomweyo. Akachedwa, tsegula ndi kabulashi kakatali kofewa, waya wolimba ayi, umaboola paipi. Mcherewo umagwiranso mabuleki: kalipa, chitsulo chopanira buleki, ikakakamira, tayala limakoka ndipo mafuta amangotha osadziwa chifukwa. Ukatsika uziyandikiza dzanja pa rimu iliyonse, imodzi ikatentha kuposa zinzake vuto lili pamenepo. M'miyezi yachisanu uzitsuka pansi pake ndi madzi amphamvu kawiri pamwezi, ndipo isanafike November akakupoperere wakisi m'kati mwa zitsulozo zili zouma. Ndalemba zambiri za mchere, ndikudziwa, koma ndiwo udzagamula ngati galimotoyi ikhale nawe zaka ziwiri kapena khumi.

Tsopano undimvere bwino. Galimotoyi imakankhidwa ndi matayala akumbuyo, ndipo kumbuyoko n'kopepuka. Iwe unazolowera zokoka kutsogolo, komanso unaphunzirira pamsewu wouma wa Chipembere. Kutentha kukatsika pansi pa madigiri 7, matayala a nyengo yotentha amauma ndipo sagwira. Gula anayi onse a nyengo zonse okhala ndi chizindikiro cha phiri la nsonga zitatu, awiri okha ayi, ya 1.5 imavala 195/50 R16. Lamulo limalola mizere ya tayala kufika 1.6 mm, koma pamvula ya kumeneko usinthe pa 3 mm. Batani la DSC, lozimitsira makina othandiza kuti galimoto isaterereke, usalikhudze ngakhale anyamata akuuze kuti likukuchedwetsa. Poterera nyamuka pa giya yachiwiri, kilatchi uzisiya pang'onopang'ono. Kumbuyo kukayamba kuthawa pakhona, chotsa phazi pamoto mofatsa, yang'ana kumene ukufuna kupita, wongolera komweko, buleki osaponda mwamphamvu. Madzi oundana osaoneka amakonda pamilatho ndi pamithunzi mbandakucha, nthawi yomwe iwe ukuweruka usiku wonse usanagone. Amayi ako amandifunsa Lamlungu lililonse ngati uli bwino, ndipo ine ndimawauza kuti inde. Sindikufuna kudzakulandira ku Chileka uli m'bokosi chifukwa cha matayala.

Ilibe tayala lapadera, ili ndi kabotolo komatira ndi kapampu, uone ngati kabotoloko sikanathe nthawi. Buti ya 2016 ndi malita 130, sutikesi yako yaikulu ija siilowa. Batire nalo limafooka pachisanu ukamayenda maulendo aafupi okhaokha, ndiye kamodzi pamlungu uziitulutsa pa msewu waukulu wa M1 wa kumeneko theka la ola, komanso za inshulansi ufunse mtengo usanapereke khobidi chifukwa laisensi yako ya kumeneko ndi yatsopano ndipo iwo amawerengera

Magetsi athima, maso akana. Nditumizire zithunzi za pansi pake usanalipire.

Ndine mnzako wa ku Ndirande.